Kumuwerengera mwana mafunso si likasa ayi

Lero ndati tipumeko kaye pa za zipani, tikambe za ana. Nkhani yanga ndi ya ana a ulumali pa nthawi ya mayeso, makamaka za munthu uja amakhala pambali pa mwana n'kumamuwerengera mafunso kapena kumulembera zomwe akunena. Ambiri a ife tikangomva zimenezi timati eee, kumeneko ndiye kubera. Ine ndikuti ayi, ndipo maganizo amenewa akupweteketsa ana athu, kuno ku Germantown ndi kumudzi komwe.

Ine ntchito yanga ndi yomweyo. Kuno amatitchula kuti paraeducator, mwachidule para, ndiye kuti wothandizira mphunzitsi. Sukulu za boma za ku Germantown zili pansi pa Montgomery County Public Schools, ku Maryland. Chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikatha, ana a giredi 3 mpaka 8 amalemba mayeso a MCAP, Chingerezi ndi masamu. Kale kunali kosavuta kuti mwana wovutika angosiyidwa tsiku la mayeso. Koma lamulo la maphunziro a ana a ulumali, lomwe linayamba mu 1975 ndipo pano limatchedwa IDEA, linakonzedwa mu 1997 kuti ana amenewa azilemba nawo. Kenako No Child Left Behind, lomwe George W. Bush anasaina mu 2002, linati ana 95 mwa 100 aliwonse azilemba, ndipo zotsatira za ana a ulumali zizionetsedwa pazokha. Lamulo limeneli linalowedwa m'malo ndi ESSA mu 2015, koma mfundo imeneyo inatsala. Kunena mwachidule, mwana sabisidwanso. Ndiye ngati alemba, alemba bwanji?

Apa m'pamene pamabwera chikalata chotchedwa IEP. Makolo, aphunzitsi ndi akatswiri amakhala pansi kamodzi pachaka kapena kuposa apo, n'kulemba zomwe mwanayo akusowa. Wina amapatsidwa nthawi yoonjezera. Wina amalembera m'kachipinda ka ana ochepa chifukwa phokoso limamusokoneza. Wina amaloledwa kupuma pakati pa mayeso. Wina amamuwerengera mafunso, kaya ndi munthu kaya ndi kompyuta. Wina, yemwe dzanja lake siligwira bwino pensulo, amalankhula ndipo munthu amamulembera. Ana ena alibe IEP koma ali ndi chikalata china cha 504, chochokera ku lamulo la 1973, ndipo nachonso chimapereka chithandizo chotere.

Tsono mumve malamulo ake, inu amene mukuti ndi likasa. Tisanalowe m'chipinda cha mayeso timaphunzitsidwa ndipo timasaina kuti sitidzaulula za m'mayesomo. Foni sitigwira. Powerenga umawerenga mawu momwe alembedwera, osachotsa, osaonjezera, osamasulira. Ngakhale mawu ako uwasamale, chifukwa ukangokweza pang'ono pa yankho lolondola, mwana wochenjera wamva kale. Polemba umalemba zomwe mwana wanena basi. Akalakwitsa umalemba cholakwikacho, mtima ukuwawa, nkhope ili duu. Pomaliza mwanayo amaona zomwe walemba n'kukonza yekha ngati akufuna. Komanso pa mayeso oyesa ngati mwana amatha kuwerenga, si aliyense amaloledwa kuwerengeredwa, chifukwa ukatero wachotsa chinthu chomwe chikuyesedwacho. Pa masamu m'posiyana: chomwe tikufuna kudziwa n'chakuti mwanayu amatha kugawa 84 ndi 7, osati ngati maso ake akuona tizilembo ting'onoting'ono.

Ndiye ndikufunseni, ambuye ndi madona: munthu wovala magalasi polemba mayeso, akubera? Likasa limakupatsa yankho lomwe sumalidziwa. Ife timangochotsa chotchinga kuti zomwe zili m'mutu mwa mwana zituluke. Ngati m'mutumo mulibe kanthu, ngakhale timuwerengere mpaka madzulo, sipatuluka kanthu.

Chomwe chikundimvetsa chisoni ndi ife makolo a ku Africa kuno. Sukulu ikatumiza kalata yopempha kuti amuyeze mwana, ena amaibisa pansi pa matiresi. Bambo amati mwana wanga si wopepera, ndi ulesi chabe, ine ndinakhoza MSCE ndi nyali ya koloboyi. Mayi amati akamva a ku tchalitchi ndiye tiyenda bwanji. Ena amaopa kuti nkhaniyo ifika kwa oona za mapepala. Abale, lamulo limati sukulu siyingayambe kumuyeza mwana kapena kumupatsa chithandizo chapadera popanda chilolezo cha kholo. Mukakana, sukulu imapinda manja, ndipo mwana amalowa m'mayeso yekhayekha. Chithandizochi n'chaulere. Zikalata za mwana zimatetezedwa ndi lamulo la FERPA la 1974. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti mwana asamakanizidwe sukulu ya boma chifukwa cha mapepala. Ndipo ngati Chingerezi cha pa msonkhano chikukuthamangirani, muli ndi ufulu wopempha womasulira.

Musadikire sabata ya mayeso. Mwambo wake ndi wakuti chithandizo cha pa mayeso chikhale chomwe mwana amalandira kale m'kalasi tsiku ndi tsiku. Mwana yemwe sanayesepo kulankhula wina akulemba sangayambe pa tsiku la mayeso, amangoti kakasi. Ndipo chilichonse chomwe mwagwirizana chilembedwe. Mlandu wa Schaffer v. Weast unachokera m'sukulu za Montgomery County momwe muno, ndipo mu 2005 khoti lalikulu linati pa mikangano ya IEP, wodandaulayo ndiye abweretse umboni. Nthawi zambiri wodandaula amakhala kholo. Mawu a pakamwa amauluka, pepala limatsala.

Ndikudziwa ena muti, nanga anthu sangapezerepo mwayi? Amapezerapo, sindikana. Mu 2019 kunaphulika nkhani ya Varsity Blues, pomwe makolo olemera ankalipira Rick Singer, ana awo n'kunamizira vuto la kuphunzira kuti apatsidwe nthawi yoonjezera pa SAT ndi ACT, woyang'anira wogulidwa n'kumakonza mayankho. Ena mwa makolowo anakalowa m'ndende. Koma taonani, obera aja anali a ndalama, osati ana a ulumali. Mbala ikalowa pakhomo sugwetsa nyumba, umakonza loko. Mankhwala ake ndi kuphunzitsa othandizira, kuwayang'anira ndi kulanga olakwa, osati kumumana mwana wosaona munthu womuwerengera.

Tsono titembenukire kwathu. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Zinali zabwino, koma mphunzitsi anatsala yekha kutsogolo kwa chikhamu. Mwana wosamva bwino wakhala kumbuyo, mwana wa khungu lachialubino sakuona pa bolodi, wina zilembo zimamuvinira, ndani awaone? Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'mwamba ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino anaposa 134,000. Si anthu ochepa amenewa.

Tisaname kuti palibe chomwe chachitika. Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a ana amenewa kwa zaka zambiri. Tili ndi sukulu ya osaona ku Chilanga ku Kasungu, za osamva ku Mua, Embangweni ndi Maryview. MANEB imakonza mapepala a braille ndi a zilembo zikuluzikulu. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, tinapanga lamulo mu 2012, ndipo mu 2024 linabwera lina latsopano. Zolemba ndiye timatha a Malawife. Koma pepala la braille limathandiza mwana yemwe wadziwika kale. Nanga uja wa ku sukulu ya kumudzi, yemwe palibe anamuyezapo, amangobwereza Sitandade 8 mpaka kutopa, n'kukayamba kuweta mbuzi anthu akuti ndi mbuli?

Vuto lina n'lakuti mayeso kwathu tinawasandutsa nkhondo. Mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anatuluka, ana n'kulembanso kumayambiriro kwa 2021. Ndiye aliyense woyandikira mwana pa mayeso timamuona ngati wakuba. Mantha amenewa ndi omveka, koma owukhitsa mapepala si ana a ulumali ayi. Asalipire ngongole ya ena.

Ine pempho langa ndi losavuta. Choyamba, mwana adziwike msanga, ndipo zomwe akusowa zilembedwe pa pepala lomwe lizimutsatira kuchokera ku pulayimale mpaka Fomu 4. Chachiwiri, pa malo aliwonse olembera mayeso pomwe pali mwana wotere pakhale wothandizira wophunzitsidwa, wosaina pangano, yemwe si mbale wake, ndipo woyang'anira mayeso azimuona. Chachitatu, wothandizirayo ayambe kugwira ntchito ndi mwanayo m'kalasi, osati kutulukira tsiku la mayeso ngati mlendo. Anthu tili nawo. Achinyamata omwe anamaliza maphunziro a uphunzitsi akungokhala pa makomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito. Awapatse maphunziro apadera ku Montfort, ayambepo. Muti ndalama zichokera kuti? Funso limeneli sitilimva pogula magalimoto a nduna. Mabungwe ngati FEDOMA, MANAD ndi Malawi Union of the Blind akudziwa komwe kuli ana amenewa, boma likhale nawo pansi.

Ndipo ife a kunja, tikamatumiza makontena a mabuku ndi mayunifomu a mpira, tiganizireko izi. Kulipirira maphunziro a wothandizira mmodzi ku sukulu yomwe munaphunzirako kungasinthe moyo wa ana angapo. Koma tiyambire m'nyumba mwathu. Inu amene muli ndi kalata ija pansi pa matiresi, itulutseni, pitani ku sukulu mukamve. Simukupita kukasaina kuti mwana wanu ndi wolephera, mukupita kukamutsegulira chitseko.

Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Lero ndi mwana wa mnzako, mawa ngozi ya pamsewu kapena malungo a mu ubongo afika pakhomo pako. Amene mukutsutsa bwerani ndi mfundo zanu tikambirane, koma mundiuze kaye kuti mwana wosaona funso ayankhe bwanji funsolo.

Ndatha ine wanu,
Para wa ku Germantown