Ulendo Wautali wa pa Njinga

Kodi munthu angathe kupalasa njinga kuchokera ku Cairo, m'dziko la Egypt, mpaka ku Cape Town ku South Africa? Inde, angathe. M'chaka cha 2015, Mark Beaumont wa ku Scotland anayenda ulendo umenewu, wa makilomita oposa 10,000, pa masiku osakwana 42.

Ena amati chofunika pa ulendo wotere ndi mphamvu za m'miyendo. Ine ndikuti chachikulu ndicho kukonzekera. Njinga yampikisano ndi yopepuka ndiponso yaliŵiro, koma matayala ake ndi aang'ono, sachedwa kubooka pa msewu wamiyala. Tsono wapaulendo ayenera kusankhiratu misewu ya phula, kunyamula pampu, machubu ndi zigamba, ndiponso kuphunzira kumata chubu yekha. M'chipululu cha ku Sudan midzi ndi yotalikirana. Munthu wosadziŵa kumene akapeze madzi angafe ndi ludzu, ngakhale akhale wamphamvu chotani. Pa malire a maiko amafunsa pasipoti, ndipo amene alibe amabwezedwa.

Akuluakulu anati, "Walira mvula walira matope." Wofuna kuona maiko asanyinyirike ndi ntchito yokonzekera. Nanunso ana, musananyamuke pa njinga kupita kwa agogo, yambani mwayesa mabuleki.