ZA PAKHOMO PATHU: Musanagumule khoma kuti muike zenera lalikulu



Aliyense amene wayendako m'mbali mwa nyanja yathuyi, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi, kudzera pa Mangochi ndi Chipoka mpaka ku Nkhotakota, waona yekha kuti nyumba zathu zikusintha maonekedwe. Timazenera tamatabwa tija makolo ankatseka ndi kamtengo tikuchoka, ndipo m'malo mwake mukulowa mafelemu achitsulo ndi magalasi aakulu. Mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Joni, malata akatha kukhomedwa chotsatira chimakhala mazenera, makamaka Eid ikamayandikira. Ife tikuyamika zimenezi, pakuti nyumba yowala ndi yopita mphepo ndi yabwino kulereramo ana.

Chatichititsa kulemba ndi kholo lina la mwana wa ku madrasa kwathu, lomwe linatipeza tsiku lina titangoweruka, nkhope ili gwaa. "A Mwalimu, tandiuzani," anatero bambowo, "nyumba ndi yanga, poloti ndi yanga, ndalama watumiza ndi mwana wanga. Nanga a khonsolo akundiletsa ntchito chifukwa chiyani? Zenera lokha mpaka chilolezo?" Titafunsitsa tinapeza kuti zenera lokhalo silinali zenera lokha. Bambowa anagumula khoma loyang'ana kumsewu, bowo la mita imodzi n'kulikuza kufika mamita awiri ndi theka, n'cholinga choti chipindacho chisanduke golosale. Tinalephera kuwayankha bwino tsikulo, ndiye yankho lake tiliika pano kuti lithandizenso ena.

Poyamba tisiyanitse kukonza ndi kusintha. Galasi likasweka inu n'kugula lina, kapena felemu ikadyedwa ndi chiswe inu n'kuikapo ina ya muyeso womwewo pa bowo lomwelo, kumeneko ndi kukonza, ndipo palibe amene amapita nako ku ofesi. Koma mukayamba kuchotsa njerwa kuti bowo likule, kuboola khoma pomwe panalibe zenera, kusandutsa zenera kukhala khomo, kapena kusandutsa chipinda chogona kukhala sitolo, mwalowa m'ntchito imene lamulo limaiyang'anira. Lamulo lake ndi Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988 ndipo linakonzedwanso mu 2022. Limafuna kuti munthu apeze chilolezo asanamange ndiponso asanasinthe kwenikweni ntchito ya nyumba kapena ya malo, ndipo limapatsa akuluakulu mphamvu yolembera munthu kalata yoimitsa ntchito ngakhalenso yomulamula kubwezeretsa zimene wasintha. Pamwamba pa apo, Local Government Act la 1998 limalola makhonsolo kupanga malamulo awoawo a m'dera. N'chifukwa chake zimene anachita mlamu wanu ku Lilongwe si umboni wa zimene zikufunika ku Salima. Khonsolo ya kwanuko ndiyo yoyenera kufunsidwa.

Kumudzi, pa malo a makolo, ife sitinaonepo munthu akukwera matola kupita ku boma chifukwa cha zenera la nyumba yake yogona. Nkhani zotere zimathera kwa anansi ndi kwa a mfumu. Koma amene muli pa maboma, m'matauni, pa mapoloti a lizi, m'mbali mwa msewu waukulu ndi pa malo a mphepete mwenimweni mwa nyanja, pitani mukafunse ku ofesi yoona za mapulani musanaitane mmisiri. Tengani pepala la umwini wa malo, pulani ya nyumba ngati ilipo, ndi chojambula chosonyeza khoma momwe liliri ndi momwe mukufuna likhalire. Akakuuzani kuti ntchito yanu sifuna chilolezo, apempheni akulembereni mawu amenewo, chifukwa amene wakuuzani pakamwa lero mwina mawa adzakhala atasamutsidwa. Akakuuzani kuti ikufuna, lembani fomu, lipirani pa kauntala, ndipo musachoke opanda lisiti. Ndalama yoperekera kuseri kuti wina atsinzine ndi chiphuphu, ndipo tonse tikudziwa chomwe chipembedzo chathu chimanena za wopereka ndi wolandira. Ndiponso kutsinzina kwa munthu sikulimbitsa khoma.

Inu okhala m'nyumba za lendi, chilolezo chanu choyamba ndi cha mwini nyumba, kaya ndi munthu wamba kaya ndi Malawi Housing Corporation, ndipo chikhale cholembedwa. Mugwirizanenso kuti tsiku losamuka felemuyo idzakhala ya yani. Maubale ambiri athera pa funso laling'ono limeneli.

Tsopano tifike pa chimene bambo aja sankachiona, chomwenso ndicho chifukwa chenicheni cha malamulowa. Khoma si chotchinga maso ndi mphepo chokha, limasenza denga. Zenera ndi bowo m'chinthu chosenza katundu, ndipo njerwa zonse za pamwamba pa bowolo, pamodzi ndi mitengo ya denga ndi malata, zimafuna potsamira. Potsamira pake ndi mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, uja amisiri amautcha lintala. Mtanda umenewu umayenera kupitirira bowo ndi kukhala pa njerwa masentimita osachepera 15 mbali iliyonse. Ndiye taganizani: lintala inaumbidwira bowo la mita imodzi, inu mwagumula mbali zonse mpaka mamita awiri ndi theka. Yatsamira pati? Ili lende, ndipo chimene chasenza denga tsopano ndi felemu yachitsulo yomwe wowotcherera anaipangira kugwira magalasi basi. Nyumba zambiri zakale za kwathu kuno zilibenso n'komwe lintala ya konkire. Zinamangidwa ndi njerwa zomata ndi dothi, pamwamba pa zenera pali thabwa kapena felemu yokhayo. Nyumba yotere siigwa tsiku lomwelo, ndipo n'zimene zimapusitsa. Poyamba pamaoneka kamng'alu kochoka pa ngodya ya zenera kukwera chopendekera kudenga, kenako zenera limayamba kuvuta kutseka, kenako galasi limasweka lokha usiku anthu n'kumati kwagenda munthu. Mvula ikanyowetsa dothi lija, zotsatira zake sitifuna kuzitchula m'nyumba mogona ana.

Tisaiwale kuti nyanja yathuyi ili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira chivomerezi cha pa 10 Malichi 1989, chomwe chinapha anthu 9 ndi kusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Mu Disembala 2009 zivomerezi zinagwetsanso nyumba zambirimbiri ku Karonga, ndipo zitachitika izi boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba otchedwa Safer House Construction Guidelines. Akatswiri amene amayendera nyumba zogwa ndi chivomerezi, kuno ndi kunja komwe, amapeza kuti ming'alu imayambira kawirikawiri pa ngodya za mazenera ndi makomo. Choncho amalangiza kuti bowo litalikirane ndi ngodya ya nyumba masentimita ngati 60, kuti pakati pa mabowo awiri patsalenso khoma lotere, ndi kuti mabowo onse a khoma limodzi akaphatikizidwa asapose theka la kutalika kwa khomalo. Khoma la mamita 4 lokhala kale ndi khomo silingalandire zenera la mamita awiri ndi theka, ngakhale felemuyo itakongola chotani. Onjezanipo mwera umene umawomba m'miyezi yozizira: galasi lalikulu lopyapyala loyang'ana kumwera silichedwa kutha.

Apa wina anganene kuti ndiye bola timazenera tating'ono ta makolo tija. Iyayi. Malamulo a zomangamanga m'mayiko ambiri ali ndi muyeso wa mbali inayo: zenera la chipinda chokhalamo anthu lisachepere gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa pansi pa chipindacho, ndipo theka lake likhale lotseguka. Chipinda cha mamita 3 mulifupi ndi 4 mulitali chili ndi masikweya mita 12, choncho chimafuna zenera la masikweya mita 1.2, ndiye kuti mita imodzi kukwera ndi mita imodzi ndi masentimita 20 m'mbali. Muone kuti si lalikulu kwambiri ayi. Mawu oti lotseguka ndiwo tiwagwiritse. Masiku ano kwabwera mafelemu okongola omwe galasi lake lalikulu ndi lomatirira, kotseguka n'kachidutswa kapamwamba. Ndi kutentha kwa Okutobala kwa kuno kunyanja, chipinda chotere ndi ng'anjo. Mpweya wosayenda umathandiza chifuwa chachikulu cha TB kufala pakati pa ogona chipinda chimodzi, ndipo mbaula ya makala m'chipinda chotsekeka imatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo umene umagoneka anthu osadzukanso. Ambiri amatseka mazenera poopa udzudzu ndi nkhungu. Mankhwala ake ndi waya wa sefa wokhomedwa pa felemu, ndipo ndi bwino kumuuza wowotcherera asiyiretu malo ake felemu isanapentedwe.

Za zitsulo zotchinga akuba tinenepo mawu amodzi. Zimene zimaletsa wakuba kulowa zimaletsanso mwana wanu kutuluka moto ukabuka ku khomo. Pa chipinda chogona chimodzi kapena ziwiri, zitsulozo zikhale zotseguka ngati chitseko, loko ali m'kati, kiyi ali pa msomali umene aliyense m'nyumbamo akuudziwa ndipo mwana angaufikire.

Patsala munthu mmodzi wofunika kufunsidwa, amene alibe ofesi kapena fomu: mnansi wanu. Zenera limalowetsa kuwala, komanso limatulutsa maso. M'malo mwathu mothithikana, mmene nyumba zimatalikirana mikono yowerengeka, zenera latsopano la m'mbali likhoza kuyang'ana pa bwalo la kuseri kwa mnzanu, pomwe amayi ndi atsikana amaphika, kuchapa ndi kupuma momasuka, ngakhalenso pa bafa la mpanda wa udzu lopanda denga. Banja limene dzulo linali pa mtendere pakhomo pawo lero liyamba kukhala mobisala, inu osadziwa kanthu.

Nkhani imeneyi si yatsopano kwa Asilamu. Mabuku a fiqh amasimba kuti munthu wina atamanga chipinda cham'mwamba mu mzinda wa Fustat ku Egypt, Khalifa Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, analembera bwanamkubwa Amr ibn al-As kuti aike bedi pansi pa zeneralo, paimirire munthu wa msinkhu wapakati, ndipo ngati angaone za m'nyumba ya mnansi, zeneralo litsekedwe. Patapita zaka mazana, mmisiri womanga nyumba wa ku Tunis dzina lake Ibn al-Rami, amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 1300 ndipo oweruza ankamutuma kukayendera nyumba zokanganirana, analemba buku lonse la malamulo a zomanga lotchedwa al-I'lan bi-Ahkam al-Bunyan, ndipo mazenera oyang'ana kwa anansi ndi imodzi mwa nkhani zake zazikulu. Chimene chimatisangalatsa ife pa muyeso wa bedi uja n'chakuti safunsa ngati mwini zenera ndi munthu wabwino kapena wosuzumira. Ungathe kukhala Sheikh wa maso odziletsa, koma nyumba imakhalitsa kuposa mwini wake, ndipo mawa mudzagona mlendo kapena wa lendi. Choyezedwa ndi zenera, osati mtima.

Muyesowu mungauchite nokha lero. Musanaboole, imani m'chipindamo pa mpando pamalo pomwe zenera lidzakhale, mulingalire chimene diso lidzaone. Ngati ndi bwalo la eni, njira zilipo zambiri ndipo n'zosakwera mtengo: kwezani zenera likhale pamwamba pa mutu wa munthu woimirira, ikani galasi lachimbuuzi lolowetsa kuwala kokha, lisunthireni ku khoma lina, kapena gwirizanani zokweza mpanda. Ndipo pitani nokha kwa mnansiyo, osati kutuma mwana. Mawu oti "Achimwene, ndikufuna kuboola apa, tabwerani muone ngati sizikusokonezani" amatenga mphindi zisanu, pomwe mlandu wa zenera kwa a mfumu umatha miyezi, anthu osapatsana salaam pa mzikiti umodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti a khonsolo poona pulani amayang'ana kutalikirana kwa khoma ndi malire a poloti, choncho zenera loboola pa khoma lokhala pa malire penipeni likhoza kukanidwa ngakhale mnansi atavomera.

Mwina mukufuna kudziwa mmene inathera nkhani ya bambo aja. Anapita ku ofesi, monyinyirika ndithu, ndipo anauzidwa kuti apemphe chilolezo cha zinthu ziwiri: kusintha khoma ndi kusandutsa chipinda kukhala malo a malonda. Mmisiri wina wodziwa ntchito anachirikiza denga ndi mitengo, anamanganso njerwa mbali zonse mpaka bowo linabwerera pa mita imodzi ndi theka, ndipo anaumba lintala yatsopano n'kuisiya masabata awiri ikuthiriridwa madzi asanachotse zochirikiza. Felemu yaikulu ija, yomwe inadya gawo lalikulu la ndalama za ku Joni, anakaidulitsa kwa wowotcherera, ndipo chidutswa chotsalacho chili kuseri kwa nyumba, atsamiritsapo nkhuni.