GULE M'MISEU YA CHIPATA: TIPHUNZIREPO CIANI IFE A KWA MAVWERE?

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu ya kwa Mavwere, ambiri a inu mudziwa za Nc'wala, mwambo wa Angoni a Mpezeni umene ucitika caka ciri conse kumapeto kwa February pa Mtenguleni, kutsidya kwa malire m'Zambia. Tsiku lalikuru lisanafike, Nkosi ya Makosi icoka kwao ku Ephendukeni nidutsa pakati pa tauni ya Chipata. Pamenepo miseu idzala ndi amuna a zikopa, zishango ndi zibonga, magalimoto aima, a m'masitolo aturuka panja kudzaonerera ingoma. Angoni anzathu a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni muno m'Mchinji nawonso amaoloka pa Mwami kukabvina nawo.

Alipo ena onena kuti gule akaponda mseu wa tala ndiye kuti waonongeka. Ine ndikana. Kumbukirani kuti Angerezi atagonjetsa Angoni m'caka ca 1898 ndi kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni, Nc'wala inazima kufikira 1980. Kulamba kwa ife Acewa kwa Kalonga Gawa Undi nakonso kunaletsedwa mu 1934, ndipo kunadzukanso mu 1984 pa Mkaika ku Katete. Lero ingoma ibvinidwa dzuwa likuswa mtengo m'tauni yomweyo imene inali kuchedwa Fort Jameson, boma la amene anailetsa. Mwana wobadwira m'komboni, wosadziwa mudzi wa agogo ace, aona ndi maso ace kuti iyenso ali ndi kwao. Kodi cimeneci ncoipa?

Koma penyetsetsani cimene cisunga ulemu wa gule ameneyu. Mwini wace ali patsogolo. Tsiku lace ndi lodziwika, ndipo cifukwa cace ndi codziwika: mfumu ilawa zakumunda zoyamba, anthu nathokoza Mulungu ndi mizimu ya makolo. Tauni ingobwereka mseu, gule akhalabe wa eni ace.

Nanga Gule Wamkulu wathu? Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika pakati pa cuma ca miyambo ca dziko lonse lapansi, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Tonse tidziwa kuti zirombo zituruka ku dambwe pa maliro, pa cinamwali, pa ciliza ndi polonga ufumu. Koma masiku ano muona zirombo zina zikuyendayenda m'misika ndi m'mbali mwa mseu wa ku Lilongwe, kupempha ndalama ndi kupirikitsa ana a sukulu. Zina zikwezedwa pa lole masana kukasangalatsa alendo, mwini mzinda osadziwa kanthu. Akulu anati ng'oma yolira bwino sicedwa kung'ambika. Gule wocitidwa cotere adzatha mantha ndi ulemu womwe, ndipo amene ati adzamuphe ndife eni ace, osati a m'tauni ai.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, cimtali, mganda ndi ingoma zipite ku tauni momasuka pamene taitanidwa. Mganda unabadwa potsanzira perete wa asilikali, tsono mseu suucititsa manyazi. Caciwiri, mtengo upanganidwe anthu asanakwere galimoto, ndipo ndalama ifike m'manja mwa obvina ndi oyimba ng'oma, isathere m'thumba la wodzawatenga. Cacitatu, Gule Wamkulu asaturuke m'mudzi popanda mau a mwini mzinda ndi akulu a ku dambwe, ngakhale woitanayo akhale bwana wotani.

Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi tibwere nayo ku msonkhano wathu wotsatira, tiitanenso mafumu athu, anamkungwi ndi anyamata, kuti zimene tipangane zimveke m'midzi yonse ya kwa Mavwere cilimwe ca magule cisanafike.