Phungu wathu ndi nduna, nanga wotifunsira ndani?

Mu Seputembala 2021 itamveka nkhani yoti phungu wa Livingstone, a Rodney Sikumba, apatsidwa unduna wa zokopa alendo, ambiri a ife tinasangalala. M'magulu a WhatsApp a kuno ku Nottie Broadie munali kuyamikirana kokhakokha. Tinati mzinda wa alendo wapeza mwana wake pa tebulo lalikulu, tsopano zathu ziyenda. Palibe amene anakhala pansi kuwerengera chimene tinataya tsiku lomwelo. Tinataya munthu woimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kufunsa boma m'malo mwathu.

Tisanapite patali timvane. Nkhaniyi si yonyoza a Sikumba kapena chipani chawo. Akanakhala wina wa chipani china, zikanakhala chimodzimodzi. Vuto lili m'malamulo a dziko, ndipo lina lili m'mitu mwathu ife ovota.

Tiyambe ndi njovu. Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timadziwa kuti chilimwe chafika ngakhale osayang'ana kalendala, chifukwa mafoni amayamba kulira m'mamawa. Wina akuti njovu zagona pafupi ndi njira ya ana a sukulu. Wina akuti zathyola mpanda n'kudya dimba lonse la ndiwo zimene amagulitsa ku Maramba. Paki ya Mosi-oa-Tunya inagundana ndi tauni, ndipo anthu a m'makomboni monga Nakatindi ndi Linda amazidziwa bwino nyamazi. Anthu afapo. Banja likataya munthu kapena munda, lamulo la nyama zakuthengo la 2015 silinena zoti boma lilipire chipukuta misozi. Nthambi yoyang'anira mapaki ndi nyamazo ili pansi pa unduna wa zokopa alendo. Ndiye tiuzeni, ku Lusaka aimirire ndani kufunsa nduna ya zokopa alendo za njovu za ku Livingstone, pamene phungu wa Livingstone ndiye ndunayo?

Ena amayankha kuti nduna safunika kufunsa, amangoimba foni zinthu n'kuchitika. Mwina nthawi zina zimatero. Koma foni ilibe mboni. Zimene nduna yanena mu kabineti ndi zachinsinsi, ndipo ikatuluka m'menemo iyenera kuikira kumbuyo chigamulo cha boma ngakhale mtima wake ukukana. Funso la m'Nyumba ndi lina. Phungu amalilemba, limaikidwa pa pepala la ntchito za tsikulo, nduna imaimirira n'kuyankha dziko lonse likumva, ndipo aphungu ena amaponya mafunso otsatira pomwepo. Mawu onse amalembedwa m'buku la Hansard. Nduna ikanena kuti mpanda wa magetsi utha pofika mwezi wakutiwakuti, lonjezolo silitayika, chifukwa pali komiti ya aphungu imene ntchito yake ndi kulondola malonjezo amene boma lapereka m'Nyumba. Patapita chaka mtolankhani aliyense, ngakhale wongothandiza pa wailesi ngati ife, akhoza kutsegula tsambalo n'kunena kuti bwana, munanena izi pa tsiku ili. Nduna siloledwa kufunsa nduna inzake mwa njira imeneyi, ndipo kudzifunsa yokha ndiye nthabwala. Timatsala tikudalira phungu wa ku Katombola kapena wa dera lina lakutali kuti atikumbukire, pamene iyeyo ali ndi milatho yake ndi zipatala zake zomulirira.

Gwero la zonsezi ndi ndime 116 ya malamulo aakulu a dziko, imene imati Pulezidenti asankhe nduna pakati pa aphungu. Mu 2021 tinasankha aphungu 156, ndipo nthawiyo Pulezidenti ankaloledwa kuwonjezera ena 8 a kukhosi kwake. Mwa amenewa, oposa 30 ndi nduna tikawerengera ndi za zigawo 10 zija. Onsewa ndi oyankha, safunsa. Kumbuyo kwawo kumakhala aphungu a chipani cholamula amene sanapatsidwe mpando, ndipo ambiri a iwo maso ali pa mpandowo. Munthu woyembekezera kuti dzina lake litchulidwa Pulezidenti akadzasintha nduna sangavutitse boma ndi funso lakuthwa. Mverani Parliament Radio tsiku lina mumve nokha. Phungu amaimirira, amayamika boma kwa mphindi yathunthu, Sipika n'kumukumbutsa kuti afunse funso, ndipo funso limene limatuluka ndi loti kodi nduna ingauze mtundu zabwino zina zimene boma likuchita. Zimenezi tinazimva nthawi ya MMD, tinazimva nthawi ya PF, tikuzimvanso lero. Amasinthana mipando yokha, nyimbo ndi yomweyo.

Wofuna kulimba mtima amakumana ndi ndime 72. Phungu akachoka m'chipani chimene chinamuimika, kapena chipanicho chikamuchotsa, mpando wake umakhala pangozi ndipo dera likhoza kubwerera ku chisankho. Choncho bwana weniweni wa phungu amakhala mlembi wamkulu wa chipani, ife ovota timabwera pambuyo.

Pamapepala Nyumba ili ndi mano. Ndime 87 imalola aphungu kudzudzula nduna imene sakukhutira ndi ntchito yake. Kuti nkhaniyo ingolowa m'Nyumba pamafunika masiginecha a gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu, ndipo kuti idutse pamafunika magawo awiri mwa atatu. Umenewu ndi mulingo womwewo wosinthira malamulo aakulu a dziko. Kumbukirani Bill 10 mu Okutobala 2020: boma la PF, ndi mphamvu zake zonse, linapeza mavoti 105 pamene linkafuna 111, ndipo biluyo inagwa. Ngati boma lenilenilo limalephera kufika pa nambala imeneyo, otsutsa angaifike bwanji pofuna kudzudzula nduna ya boma? Ngakhale ataifika, wochotsa nduna pa mpando ndi Pulezidenti basi.

Pulezidentiyo sabwera kudzayankha. Amabwera kudzatsegula Nyumba ndi kudzalankhula, kenako n'kukwera galimoto. Lachisanu Nyumba ikakhala, amene amalandira mafunso ndi Wachiwiri wake, amayi Mutale Nalumango, ndipo nthawiyo sikwana ndi ola limodzi lomwe. Ku London nduna yaikulu imaima Lachitatu lililonse Nyumba ikakhala n'kulandira mafunso pamaso pa otsutsa. Kwa anansi athu ku Malawi malamulo amalola aphungu kuitana Pulezidenti, ndipo a Lazarus Chakwera anapitadi kukayankha mu Seputembala 2020. Kuno kwathu mwini chigamulo amatuma nthumwi.

Tisanene kuti zonse ndi zachabe, chifukwa tinaonapo Nyumba ikuluma. Mu Januwale 2021 komiti yoona za kayendetsedwe ka ndalama za boma, motsogozedwa ndi a Howard Kunda, inaitana akuluakulu a unduna wa zaumoyo ndi a mabungwe oyeza mankhwala pa nkhani ya kontrakiti ya madola 17 miliyoni ya kampani ya Honeybee. Aphungu anafunsa, nafunsanso, osalola kuti ayankhidwe mozungulira, mpaka zinamveka kuti makondomu ndi magolovesi amene analephera poyezedwa anali atagawidwa kale. Dziko linagwedezeka. Pa 10 Januwale Pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya. Onani bwino chimene chinachitika apa. Amene anafunsa anali aphungu opanda unduna, m'komiti yotsogozedwa ndi munthu wochokera kunja kwa chipani cholamula, ali ndi lipoti la Auditor General m'manja. Koma onaninso mbali inayo: pa mpando wotentha panakhala ogwira ntchito za boma, ndipo nduna inachoka chifukwa State House inafuna, Nyumba siinavote chilichonse chokhudza iyo.

Pamene Nyumba yalephera kutseka nkhani, funso limatulukira pa msewu, ndipo kumeneko kuli apolisi. Mu 2017 boma litagula magalimoto 42 ozimitsira moto pa madola 42 miliyoni, a Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anakaima kunja kwa Nyumba ya Malamulo pa tsiku la bajeti, ndipo anamangidwa. Khoti linawamasula mu Disembala 2018, patapita chaka ndi miyezi akuyendera mlandu.

Manje tidziyang'ane tokha, achinyamata anzathu, chifukwa apa ndi pamene pakuwawa. Phungu timamuyeza ndi chiyani? Kodi anabwera pa maliro, anagula bokosi, anapereka unga ndi kabichi? Kodi anagulira timu yathu majezi? Chiyambire pamene ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, kenako K36.1 miliyoni mu 2025, phungu tamusandutsa kalaliki wa ngongole ndi mabasare. Ndalamazo ndi zabwino, madesiki afika m'masukulu ndipo ena a ife taphunzira ntchito zamanja ndi ndalama zomwezo. Koma ndi zamisonkho yathu, ndipo zimadutsa ku khonsolo kaya phungu ndi wolankhula kaya ndi wogona. Pa pulogalamu yathu yoimba mafoni talandirapo mafunso ambirimbiri onena za nthawi yotulukira mayina a opeza ngongole. Sitikukumbuka munthu ngakhale mmodzi amene anaimba kufunsa kuti phungu wakutiwakuti wafunsa mafunso angati chaka chino. Ifenso a pa wailesi tili ndi mlandu, chifukwa wandale akabwera mu situdiyo timamusiya awerenge mndandanda wa zimbudzi zimene wamanga mpaka nthawi kutha.

Mu 2024 malaiti ankabwera maola ochepa pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku, ife tikukhala pafupi ndi mathithi amene ali ndi siteshoni yakeyake ya magetsi. Ometa, owotcherera ndi ogulitsa nyama m'tuntemba anataya ndalama zimene sadzazipezanso. Chilala chinalipodi, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale chaka chimenecho kuti ndi tsoka la dziko lonse. Koma mvula si nduna. Panali zoti anthu ayankhe: chifukwa chiyani dziko linadalirabe madzi a Kariba pambuyo pa mdima wa 2015 ndi wa 2019, nanga magetsi ogulitsa kunja anali ochuluka bwanji pamene ife tinali mu mdima? Tinatukwana pa Facebook mpaka mabatire kutha. Ndi angati a ife amene tinapita ku ofesi ya phungu n'kusiya funso lolemba? Akale aja sananame kuti safunsa anadya phula.

Mzinda uno unaphunzirapo kale. Pokonzekera msonkhano waukulu wa UNWTO mu Ogasiti 2013 tinalonjezedwa msika watsopano wa m'tauni ndi siteshoni ya mabasi akutali. Alendo anabwera, anapita, ndipo nyumbazo zinakhala zaka zambiri zili zigoba, amayi athu akugulitsa padzuwa. Ntchito zotere zimaima chifukwa palibe amene amaopa kufunsidwa mwezi ndi mwezi kuti ndalama zapita kuti.

Ife tikuti nduna zichoke m'Nyumba. Maganizowa si achilendo. Komishoni ya Mung'omba, itamva anthu m'dziko lonse, inanena mu 2005 kuti nduna zizisankhidwa kunja kwa Nyumba ya Malamulo, koma andale a mbali zonse amaikonda nkhaniyi akakhala otsutsa n'kuiiwala akalowa m'boma. Kenya inachita zimenezi m'malamulo ake a 2010: phungu akafuna unduna amatula pansi mpando wa dera, ndipo munthu aliyense asanalumbire ngati nduna amayamba wafunsidwa ndi aphungu. Otsutsa maganizowa amati Pulezidenti adzadzaza kabineti ndi anzake osavoteredwa ndi munthu. Nkhawa imeneyo ndi yoona, ndipo ku Kenya komweko katangale sanathe. Koma lerolino Pulezidenti amasankhabe amene wafuna, kungoti posankhapo amalanda dera lathunthu pakamwa pake. Bola nduna yochokera kunja imene iyenera kudutsa pamaso pa komiti isanalandire galimoto, n'kumabwera kudzayankha ikaitanidwa, kusiyana ndi phungu wovala zipewa ziwiri.

Kusintha ndime 116 kudzatenga nthawi, koma zina zili kale m'manja mwathu. Ndime 88 imapatsa nzika ufulu wopereka pempho ku Nyumba kuti lamulo lipangidwe, lisinthidwe kapena lichotsedwe. Mabanja amene ataya anthu ndi minda chifukwa cha njovu akhoza kupempha kuti lamulo la 2015 lija likhale ndi chipukuta misozi, ndipo ife odziwa kulemba tingawathandize kulemba pempholo. Makomiti a aphungu amaitana anthu kuti apereke maganizo pa mabilu ndi pa nkhani zimene akufufuza. Palibe lamulo loletsa munthu wa ku Livingstone kulembera phungu wa dera lina wopanda unduna n'kumupempha kuti afunse za ife.

Chisankho chikubwera pa 13 Ogasiti 2026. Adzabwera ndi zitenje, matisheti ndi zimkuzamawu, adzaima pa Maramba, pa Libuyu, pa Dambwa, ena adzafika ndi kuno ku Nottie Broadie. Ife a pa wailesi tagwirizana kuti aliyense wofuna mpando wa Livingstone akalowa mu situdiyo, tisanakambe za CDF, adzayambe watchula mafunso atatu amene adzafunse nduna m'chaka chake choyamba. Kenako adzatiuze, maikolofoni ili yoyatsa, chimene adzayankhe foni ya ku State House ikadzalira kumupatsa unduna.