Anayezedwa, Anauzidwa, Koma Sanapite Kuchipatala

Matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangowatchula kuti BP, sagwetsa munthu pamphasa monga amachitira malungo. Munthu amalima, amapita kumsika, amaseka ndi anzake, kwinaku mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo zikuwonongeka mwakachetechete. Ambiri amadzadziwa tsiku limene afa ziwalo mbali imodzi.

Zimene zinachitika mumzinda wa Dar es Salaam, ku Tanzania, n'zofunika kuti alangizi azaumoyo azilingalire. M'zaka za 1998 ndi 1999, ofufuza anayeza anthu 9,254 a zaka 25 mpaka 64 m'boma la Temeke. Amene anapezeka kuti magazi awo akuthamangabe atayezedwa kangapo, koma sali pamankhwala, analangizidwa kupita kuchipatala chilichonse chimene angakonde. Patapita chaka, ofufuzawo anapezanso anthu 161 mwa amenewa. Anthu 34 okha mwa 100 alionse ndiwo anali atapitako, ndipo amene anali akumwabe mankhwala anali atatu okha mwa 100 alionse.

Sikuti anthuwa anali osamva. Munthu amene sakumva kupweteka paliponse n'kovuta kuti asiye geni yake tsiku lathunthu, alipire daladala, akaime pamzere, kenako agule mankhwala oti azimwa moyo wake wonse. Choncho mlangizi amene wayeza anthu n'kulemba mayina m'kaundula wangoyamba chabe ntchito. Yaikulu ndi kubwerera pakhomo mwezi wotsatira kukafunsa ngati mankhwala akadalipo.

Zoyambitsa matendawa n'zodziwika: ukalamba, mtundu wa kubanja, kunenepa kwambiri, mowa ndi kukhala osagwira ntchito yolimbitsa thupi. Moyo wa m'tauni, wa chipisi chokazinga ndi mazira komanso kukwera njinga yamoto ngakhale paulendo waufupi, umawonjezera vutoli. Koma mlimi asadzinamize kuti khasu lamuteteza, pakuti mchere uli m'khitchini ya kumudzi momwe. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wa m'nsomba zouma, m'timibulu tokometsera ndiwo, ndi uja wothira pambale munthu asanalawe n'komwe. Soda wa m'therere nayenso ali ndi sodium, chinthu cha mumchere chimene chimakweza magazi.

Umboni wakuti kusintha mchere kumapulumutsa anthu unachokera kwa alimi a ku China, dziko limene anthu ake amadya mchere wambiri. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anatsatira anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600. M'midzi imene inapatsidwa mchere wochepa sodium, wosakaniza ndi potassium, odwala sitiroko anachepa ndi 14 pa 100 alionse. Mchere woterewu sugulitsidwa m'magolosale ambiri a kumidzi, ndipo wodwala impso sayenera kuudya popanda kufunsa dokotala. Chimene banja lililonse lingathe lero ndicho kuchotsa kambale ka mchere pamphasa yodyera.