Langani phungu, musatseke pakamwa komboni

Mu June 2017, Sipikala Patrick Matibini anaimitsa aphungu 48 a UPND kwa masiku 30 chifukwa chonyanyala kukamvera uthenga wa Pulezidenti Edgar Lungu m'Nyumba ya Malamulo. Mu March 2022, Sipikala Nelly Mutti anaimitsa aphungu 30 a PF, nawonso kwa masiku 30. Olira dzulo ndiwo agwira chikoti lero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma chikoticho chimagwera ndani? Phungu akauzidwa kuti atuluke, amakwera galimoto yake n'kukapuma kunyumba. Wotsala pamavuto ndi mayi amene anafola pamzere kuyambira m'bandakucha kuti amuvotere. Mvula ikadzaza nyumba ku Kanyama, kolera ikalowa ku George monga inachitira mu 2024 mpaka odwala kugonekedwa ku National Heroes Stadium, pamafunika munthu woimirira n'kufunsa nduna maso ndi maso. Mpando wopanda munthu sufunsa funso.

Ku Chawama tazionera pafupi. Bambo ake Edgar Lungu atamwalira ku Pretoria pa 5 June 2025, phungu wa derali Tasila Lungu anakhala miyezi osaoneka m'Nyumbamo, ndipo mu November Sipikala analengeza kuti mpando wake ulibenso mwini. Maliro ndi maliro, sitingamunyoze wolira. Koma miyezi yonseyo mkangano unali wa zipani: awa akuti achoke, awo akuti akhale. Eni mpando a ku Chawama ankangomvera pawailesi nkhani ya mpando wawo womwe.

Sindikunena kuti phungu wamwano kapena wojomba azisiyidwa. Nyumba yopanda mwambo ndi msika. Mudulireni malipiro, muchotseni m'makomiti, muimikeni pamaso pa anzake apepese. Koma voti yake ndi mafunso ake musazikhudze, chifukwa si zake, ndi zathu. Ndipo muyeso ukhale umodzi, kaya wolakwayo ndi wa boma kapena wotsutsa.

Pa nkhani yochotseratu phungu, mphamvu ibwerere kwa omwe anamutuma. Malawi anali nalo lamulo lolola ovota kuchotsa phungu wawo, gawo 64 la malamulo aakulu a dzikolo, koma aphungu analifafaniza mu 1995. Ife tililembe m'malamulo athu, ndipo tiliteteze kwa aphunguwo. Amene anakweza munthu pampando ku Matero, ku Mtendere kapena ku Kalingalinga ndiye ayenera kukhala woyamba kunena kuti atsike.