Ku Mfuwe tikuvalira yani?

Mu September 2016 kampani ya Disney inachotsa m'masitolo ake chovala cha ana chimene inasoka potengera Maui, chimphona cha mu filimu ya Moana. Chinali chothina thupi lonse, cha mtundu wa khungu lofiirira, chodzaza ndi mphini zonga zimene amuna a ku Samoa ndi zilumba zina za m'nyanja ya Pacific amatema pathupi, kuphatikizapo kasiketi ka masamba m'chiuno. Osoka sanaphonye kanthu. Anakopera Maui wa pa kanema mphini ndi mphini. Koma eni mphinizo anakwiya, poti kwawoko mphini zimanena za banja la munthu ndi udindo wake, ndipo munthu amazipeza atapirira ululu wa masiku ambiri. Tsopano mwana aliyense wokhala ndi makolo a ndalama akanatha kuvala khungu lawo madzulo n'kulivula pokagona. Disney inapepesa filimuyo isanayambe n'kuonetsedwa komwe.

M'mapaki achisangalalo a kampaniyi mkangano umenewu sutha. Mbali ina imati wovala ngati munthu wa mu filimu afanane ndi wa mu filimuyo, tsitsi, mtundu wa diresi, kayendedwe, chifukwa mwana walipirira kudzaona ameneyo. Mbali ina imati filimuyo inabwereka zovala kwa anthu enieni amene alipo mpaka lero, ndiye kufanana ndi chojambula n'kosakwanira ngati chojambulacho chinanamizira eni ake. Mu 2021 Disney inachotsa pa ulendo wa pabwato wotchedwa Jungle Cruise zidole za anthu akuda onyamula mikondo ndi kuvina mozungulira, pa malo amene akhala akusangalatsa alendo ku California kuyambira 1955. Panapita zaka zoposa 60 kuti aone zimene ife tikanawauza tsiku loyamba.

Wina anena kuti za ku America zimenezo zikutikhudza bwanji ife a ku Mambwe. Zikutikhudza chifukwa alendo amene amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe kuyambira June mpaka October sabwera ndi mitu yopanda kanthu. Ambiri anakula ndi The Lion King ya 1994. Ena anayendapo ku Animal Kingdom ku Florida, paki imene inatsegulidwa mu 1998 ndipo muli tauni yopeka ya Harambe, yomangidwa motengera gombe la kum'mawa kwa Africa. Africa anamuona kale asanakwere ndege. Akafika ku South Luangwa, nyama siziwakhumudwitsa: njovu ndi njovu, nyalugwe ndi nyalugwe, ndipo masikweya kilomita 9,050 a paki imeneyi palibe amene anawakonza kuti afanane ndi kanema. Vuto limayamba usiku, pamene pulogalamu ya loji yafika pa anthu.

Ndinadyapo chamadzulo pa loji ina m'mbali mwa Luangwa, dzina ndisiya. Pofuna kusamba m'manja ndinadutsira kuseri kwa thanki ya madzi, n'kupeza anyamata akuvula majezi, wina ya Chipolopolo, wina ya Arsenal, akupinda bwinobwino ndi kukulungamo mafoni. Kapitawo wawo anakhuthula thumba la saka. Munatuluka nsalu zofiira zamizeremizere, mikanda ya pulasitiki ndi mikondo yopaka vanishi, yomwe ija amagulitsa pa msika wa ziboliboli. Nsapato anauzidwa kuti avule, pamalo poti zinkhanira zimayenda usiku. Wina anali atayamba kale kulowera kumoto pamene kapitawo anamukoka mkono.

"Iwe, wotchi!"

"Pepani akulu," anatero mnyamatayo, n'kuiponya pa mulu wa majezi.

Ng'oma zinali zenizeni. Mawu anali enieni, nyimbo za Chikunda zimene ndinazimvapo pa maukwati m'midzi ya kwa Kakumbi. Koma nsalu zofiirazo ndi za Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, anthu a ng'ombe. Kuno ku Malambo ntchentche za kashembe sizinalole makolo athu kukhala ndi makola a ng'ombe. Akunda anali alenje, asodzi ndi alimi a mapira. Choncho alendo anaombera m'manja anyamata a Chikunda, oimba Chikunda, atavala ngati abusa a dziko limene sanalipondepo. Anabwerera kwawo ndi zithunzi zotsimikiza zimene ankadziwa kale.

Anyamatawo sindiwaimba mlandu. Ntchito ya kuno ndi ya miyezi yochepa, mvula ikagwa makampu ambiri a m'tchire amatsekedwa, ndipo munda ukhoza kutha usiku umodzi njovu zikalowa. Munthu akapeza ganyu ya kuvina ola limodzi, safunsa kuti nsaluyi inachokera kuti. Amene ndikumufunsa ndi wogula nsaluyo.

Koma ndisanapite patali, pali anzanga ena ophunzira amene ndimasiyana nawo. Iwo amati mankhwala ake n'kubwerera ku zenizeni: tivale nyanda za khungwa la mombo, zikopa, pamtima pabwalo, monga zithunzi zakale zimaonetsera. Ndimawafunsa kuti zithunzi zakalezo anajambula ndani. Ambiri anali abwanamkubwa, amishoni ndi alenje achizungu, ndipo nawonso ankasankha woti amujambule. Wovala jekete ankamupatula. Kukhulupirika ku chithunzi cha m'ma 1900 ndi kukhulupirika ku filimu ya 1994 kumasiyana zaka chabe. Konseko mlendo ndiye wagwira kamera, ife tikungoima mmene watiuzira.

Miyambo yathu ikakhala m'manja mwa eni ake sichita manyazi ndi zachilendo. Pa Kuomboka, Litunga, mfumu ya Alozi, amatsika m'bwato la Nalikwanda ku Limulunga atavala yunifomu ya mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, kavalidwe kamene kanayamba Litunga Lewanika atapita ku London mu 1902 kukaona Edward VII akuvekedwa ufumu. Pitani mukauze Mlozi kuti chovala chimenecho si chawo, mukaone. Ku Mtenguleni pa Nc'wala, kumapeto kwa February, mumaona impi za Mpezeni zitavala zikopa pamwamba pa kabudula wa salaula, kumapazi mateki, foni itapanidwa m'chiuno. Fumbi likamakwera ndi zishango zikamagunda pansi, palibe amene amakayika kuti awa ndi Angoni.

Gule wamkulu ndiye amaposa onse pa nkhaniyi. Za kudambwe sindinena, koma zimene zimaoneka pabwalo aliyense amaziona. Simoni amatuluka ndi nkhope yofiira ya mzungu wopsa ndi dzuwa, atavala suti ya sanza. Maliya anabwera ndi amishoni. Ofufuza analembapo za zilombo zotengera Elvis Presley ndi Charlie Chaplin, ndipo ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, nyumba ya Chamare ya pa Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, imasunga nkhope za gule zoposa 400. Mukaziyang'ana mumaona kuti Achewa akhala akuveka alendo awo zovala kwa zaka zambiri, kuwaseka ndi kuphunzitsira ana khalidwe. Masaka, nthenga, mapepala a pulasitiki, utoto wa m'sitolo, zonse zimalowa. Wofuna kuyeza gule ndi muyeso wa nsalu adzapeza kuti palibe chilombo cholondola ngakhale chimodzi.

Nkhani ya zikopa ikuonetsanso chimodzimodzi. Kuyambira 2019 bungwe la Panthera lakhala likugwira ntchito ndi Barotse Royal Establishment kupereka zikopa zopanga za nyalugwe ndi njuzi kwa opalasa bwato la Litunga, potengera zimene linayamba mu 2013 ndi mpingo wa Shembe ku South Africa. Chikopacho n'cha ku fakitale, koma amene anagamula kuti chivalidwe ndi nyumba yachifumu. Ine wa m'chigwa chimene alendo amawolokera nyanja kudzaona nyalugwe wamoyo, sindingadandaule. Chikopa chonama chovalidwa pa mwambo weniweni, mwa chilolezo cha eni mwambo, ndimachilandira ndi manja awiri. Chikopa chenicheni cha mbuzi chomangidwa m'chiuno mwa mnyamata chifukwa manijala akuti alendo amakonda zimenezi, chimenecho ndiye chabodza.

Choncho ine ndimayang'ana amene wasankha chovala, nthawi imene chavalidwa, ndi amene ali ndi mphamvu yonena kuti ayi.

Apa Disney ili ndi kanthu kotiphunzitsa, ngakhale zimandiwawa kuvomereza. M'mapaki ake wovala ngati Mickey Mouse saloledwa kuvula mutu pamaso pa alendo. Kutenthe bwanji, amapirira mpaka atalowa kuseri. Wogwira ntchito sanena kuti m'katimo muli munthu. Mbewa imeneyi inabadwa mu 1928 pa pepala la wojambula, ilibe manda, ilibe mizimu, koma eni ake amaiteteza ndi malamulo, maloya ndi kuchotsa anthu ntchito. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a padziko, ndipo ndi wa Zambia, Malawi ndi Mozambique pamodzi, ndamuonapo pa Facebook akujambulitsa ndi mlendo pafupi ndi dziwe losambira, nkhope itakwezedwa pamphumi kuti kumwetulira kuoneke. Chilombo chimene chimatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu chapatsidwa mphindi khumi pakati pa supu ndi nyama yowotcha. Nsalu zake zikhoza kukhala zolondola ulusi ndi ulusi, zilibe kanthu.

Ndipo tisanamizire azungu okha. Andale athu anayamba kale. Nthawi ya Kamuzu Banda gule ankavina pa misonkhano ya chipani ku Malawi, ndipo mpaka lero, tsidya lino ndi tsidya ilo, nthawi ya kampeni ikafika zilombo zimakwezedwa pa malole. Amene anaphunzitsa anthu kuti gule ukhoza kumuitanitsa ngati bandi si mlendo wa ku Ohio.

Palinso china chimene maloji ena amachiiwala. Gule wamkulu ndi wa Achewa. Eni chigwa chino ndi Akunda, pansi pa Mfumu Yaikulu Nsefu ndi mafumu Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, ndipo ali ndi mwambo wawo wa Malaila, wokumbukira alenje amene ankabwerera kumudzi ndi nyimbo atapha mkango. Mlendo amene wakhala sabata yathunthu akuthamangitsa mikango ndi kamera angakonde kumva kuti anthu amene akumuperekera tiyi ali ndi mbiri yaitali ndi chilombo chomwecho, mbiri ya mantha, maliro ndi ulemu. Koma amapatsidwa chisakanizo cha Mmasai, Mngoni ndi Mchewa, n'kuuzidwa kuti kumeneku ndiko kuvina kwa kuno. Mlendo ndi mame, mawa wapita. Amene amatsala ndi chisakanizocho ndi ana athu oonerera kuseri kwa mpanda, amene akukula akuganiza kuti chikhalidwe ndi chinthu chimene umavala azungu akabwera.

Njira ina ilipo ndipo si yachilendo kuno. Ntchito yokopa alendo m'chigwa chino inayamba ndi kupempha. Mu 1950 Norman Carr anakambirana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule gawo la dziko lawo likhale la nyama, ndalama za alendo zizipita kwa anthu a mfumuyo. Paki ya South Luangwa inadzakhazikitsidwa pambuyo pake, mu 1972. Ku mudzi wa Kawaza, kuyambira 1997, alendo amafika pamudzi penipeni, kudya nsima ndi manja, kuona sukulu, kucheza ndi anthu ovala zimene avala tsiku limenelo, chitenje, malaya a salaula, patapata. Gulu la zisudzo la SEKA ku Mfuwe limaonetsa alendo ndi anthu a m'midzi masewero a moyo wa munthu pakati pa nyama, ndipo ochita sewero amasanduka njovu kapena nyani ndi thupi lawo ndi tizipangizo tochepa. Aliyense amadziwa kuti ndi sewero, ndipo olemba ake ndi omwe akusewerawo. Alendo amaseka mpaka misozi popanda wina kubisa wotchi.

Zimene ndingapemphe kwa eni maloji n'zotsika mtengo kuposa nsalu zofiira zija. Ovina asankhe okha chovala. Mmodzi wa iwo, osati manijala, aime kutsogolo anene dzina la gule, mudzi umene wachokera ndi nthawi imene amavinidwa. Ngati pali kukayika, nduna za mfumu zili pafupi, mukafunse. Tsiku la Malaila lilembedwe m'timabuku ta alendo pambali pa nthawi ya ulendo wokaona nyama usiku.

Wofuna gule wamkulu mumuuze kuti abwere kumapeto kwa August. Msewu wa tala wochoka ku Mfuwe kupita ku Chipata ndi wa makilomita oposa 100, ndipo kuchoka apo Great East Road imakafika ku Katete. Ku Mkaika, pa Kulamba, mafumu a Achewa ochokera m'mayiko atatu amadzagwada kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense ndi zilombo za kwawo. Kumeneko mlendo adzakhala padzuwa ngati wina aliyense, gule adzatuluka pa nthawi yake osati ya chakudya chamadzulo, ndipo akafuna chithunzi adzayamba wasupa. Akaima panjira ya chilombo, adzathawa pamodzi ndi ana.